Diresi lokulunga la ku chinkhoswe cha ku Nchalo: momwe ntchito ikuyendera

Loweruka, 4 Okutobala

Mng'ono wanga wa kwa amayi aang'ono ali ndi chinkhoswe ku Nchalo pa 1 Novembala. Amene munatsikako kuchigwa cha Shire nyengo ino mukudziwa kuti ukangotsetsereka pa Thabwa, mphepo yolowa pawindo la minibasi imakhala ngati wina wakuyandikizira mbaula kumaso. Chaka chatha ndinapita ku ukwati ku Chikwawa nditavala suti ya chitenje yokhala ndi layiningi mkati, ndipo ndinabwerako ndi zidzolo kumsana konse. Chaka chino ayi. Komanso mwana ali ndi miyezi isanu ndi itatu, akuyamwa, ndipo madiresi anga onse a zipi kumbuyo akundikana m'chiuno. Ndiye ndaganiza zosoka ndekha diresi lokulunga, lija lopanda zipi kapena mabatani, lomwe mbali ina ya kutsogolo imadutsa pamwamba pa inzake n'kumanga ndi chingwe m'chiuno. Ukanenepa umamasula pang'ono, ukaonda umakoka, mwana akalira sufunika kuvula.

Lero ndinakwera ya ku Limbe kukafuna nsalu. Ndinapewa viscose ngakhale imagwa bwino pathupi, chifukwa imaterera podula ndipo ine si telala. Ndatenga ya thonje yopyapyala, yabuluu wa m'nyanja yokhala ndi timasamba toyera, mulifupi masentimita 112. Mamita anayi. Wogulitsa amati atatu akwana, ine ndinakana, chifukwa diresi la mtundu umenewu kutsogolo kwake kuli ngati kuwiri. Ndagulanso ulusi awiri wa poliyesitala ndi paketi ya masingano a nambala 11.

Lamulungu, 5 Okutobala

Ndachapa nsalu ndisanaidule. Madzi oyamba anatuluka abuluu ndithu, achiwiri pang'ono, achitatu mbee. Ndaiyanika pamthunzi kuseri kwa nyumba. Itauma ndinayeza: mamita anayi aja atsala 3 ndi masentimita 87. Akanakhala kuti achepa diresi litasokedwa kale, ndikanalira ndani?

Amayi anabwera masana kuchokera ku tchalitchi, ndipo ndinawaonetsa chithunzi pafoni. Ndinawauza kuti diresi lotereli linatchuka ku New York m'chaka cha 1974 chifukwa cha Diane von Furstenberg, mayi wobadwira ku Belgium. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe, chimenechi si chitenje basi? Angochiika manja." Sindinawatsutse. Koma anawonjeza funso lomwe landikhala m'mutu tsiku lonse: "Nanga pa kabaza ukhala bwanji?" Ku Nchalo kuchoka pamsewu waukulu kupita kumudzi kwa amalume ndi njinga basi.

Lachitatu, 8 Okutobala

Patani. Ndilibe yogula, ndiye ndatenga bulauzi yanga yomwe imandikhala bwino m'mapewa, ndaigoneka pa mapepala a khaki omata ndi selotepi n'kujambula kumbuyo kwake ndi kutsogolo. Miyeso yanga pano: pachifuwa 98, m'chiuno 84, m'matako 108. Kutsogolo ndajambula mzere wopendekeka kuchoka paphewa, pafupi ndi khosi, kudutsa pakati pa chifuwa mpaka m'chiuno cha mbali inayo. Siketi ndi zidutswa zitatu, chimodzi chakumbuyo ndi ziwiri zakutsogolo, zonse zotambasuka pang'ono kumunsi. Kutalika kwake masentimita 74 kuchoka m'chiuno, kuti ipitirire mawondo ndi chikhatho chimodzi. Amayi akadali ndi diso la nthawi ya lamulo la kavalidwe la 1973, lija linkaletsa akazi mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo. Lamulolo linapita kalekale pamene dziko limalowa m'zipani zambiri, koma kumudzi kwa apongozi a munthu wina sikoyesererako.

Pa msoko uliwonse ndasiya sentimita imodzi ndi theka.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinatsala pang'ono kudumpha gawo ili chifukwa cha ulesi. Ndasoka kaye choyeserera pa shiti yakale ya pabedi, yong'ambika pakati, ndipo zandionetsa zinthu ziwiri zomwe pepala silikanandiuza.

Choyamba ndi khosi. Nditaima njo pagalasi zonse zinali bwino. Nditawerama kuti ndinyamule mwana pamphasa, mbali yapamwamba inayasama ngati thumba, zonse za mkati poyera. Bambo a kwathu anali pampando akumvera mpira pawailesi, anangoti, "Mayi a mwana, kumeneko mukapitadi chonchi?" Ndinakapempha nzeru kwa bambo wachikulire amene amasoka pakhonde la golosale kumsika kwathu. Anaigwira nsaluyo m'mphepete mwa khosi n'kuikoka pang'ono ndi zala ziwiri, ndipo inatambasuka ngati lasitiki. Anati, "Mukuona, achemwali? Nsalu ili ndi njira yake. Mukaikoka mulitali siyenda, mulifupi imayenda pang'ono, koma mukaidula chopingasa chonchi imakula yokha ngakhale musanaikhudze. Khosi lanuli lonse lili chopingasa." Anandiuza kuti ndipinde kachidutswa papepala la patani, pamzere wa khosi pafupi ndi bere, kuti mzerewo ufupike ndi sentimita imodzi ndi theka, ndipo ndikangodula nsalu yeniyeni ndiyendetse ulusi m'mphepete mwa khosi ndisanachite china chilichonse. Sanandilipiritse. Ndinawagulira Fanta.

Chachiwiri ndi funso la amayi lija. Ndinakhala chammbali pa mpando wa njinga ya mwana wa aneba, monga momwe timakhalira pa kabaza, ndipo siketi inatseguka mpaka pantchafu. Vuto ndi lakuti chidutswa chamkati ndinachilekeza pafupi ndi mchombo. Ndachikulitsa ndi masentimita 14 kuti chikafike mpaka pa msoko wa m'mbali, ndipo chapamwambanso ndachiwonjezera 8. Ndayesanso ndi zigamba zomata ndi mapini: ndakhala, ndaimirira, ndakwera masitepe, ndagwada ngati ndikupereka madzi osamba m'manja kwa alendo. Yatseka. Wogulitsa nsalu uja ndi mamita ake atatu akanandipweteka.

Lachitatu, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala, holide, ndiye ndinati lero ndidule. Ndinakolopa pabalaza, ndinayala nsalu pansi, ndinatsendereza mapepala ndi makapu ndi miyala iwiri yochokera panja. Pojambula ndagwiritsa ntchito kachidutswa ka sopo kotsala kubafa, kopyapyala ngati lezala. Kamalemba bwino pa nsalu yabuluu kuposa choko ndipo kamachoka ndi madzi.

Ndalakwitsa, ndipo ndilembe momwe zinachitikira kuti ndisadzabwerezenso. Chifukwa zidutswa zakutsogolo n'zazikulu, sindikanatha kupinda nsalu pawiri, ndimadula chimodzichimodzi. Ndinadula chakumanja cha pachifuwa. Mwana anadzuka, ndinakamuyamwitsa, ndinatereka madzi a phala, ndinabwerera n'kuika pepala lomwe lija pansalu osalitembenuza. Nditazinyamula kuti ndiziyerekeze pathupi, ndinapeza ndili ndi zakumanja ziwiri. Ikanakhala nsalu yofanana mbali zonse ndikanangotembenuza, koma iyi kuseri kwake n'kotuwa.

Ndinakhala pansi pomwepo kwa kanthawi, sizasi ili m'manja. Kenako ndinayamba kusuntha mapepala pa nsalu yotsala ngati ndikusewera bawo. Chakumanzere chatuluka, koma chadya malo a manja. Ndimafuna manja ofika pachigongono, otambasuka. Tsopano akhala aafupi, ongophimba phewa, ndipo ndawadula kuchokera pa chidutswa cholakwika chija. Zingwe za m'chiuno zituluka m'zidutswa ziwiriziwiri zolumikiza. Kunena zoona, ku Nchalo manja aafupi ndi abwinonso, koma sindinawasankhe ine.

Ndisanagone ndinayendetsa ulusi m'khosi monga anandiuzira bambo aja, sentimita imodzi kuchoka m'mphepete, kuyambira paphewa kutsika kumunsi mbali zonse ziwiri. Zidutswazo ndaziyala pansi pa matiresi, sindinazipachike.

Lachisanu, 17 Okutobala

Makina ndi a amayi, Butterfly yopalasa ndi mapazi, yomwe inasoka mayunifolomu athu tonse a ku pulayimale. Ubwino wake magetsi akazima iyo siidziwa. Usiku wa lero azima kuyambira cha m'ma 6 koloko, ndipo ndasoka ndi tochi ya foni yotsamiritsa pa botolo.

Poyesa pa kachigamba, msoko unatuluka wokwinyika ngati pakamwa pa thumba la ufa. Ndinapeza kuti munali singano ya nambala 16 yomwe ndinasokera jinzi ya bambo mwezi watha. Ndinaika ya 11, ndinamasula pang'ono kanati kokokera ulusi wapamwamba, ndinafupikitsa mapontho kuti akhale pafupifupi mamilimita awiri. Zinachepa koma sizinathe. Nditatsegula pansi pa bobini ndinapezamo thonje la zaka, losakanikirana ndi mafuta akale, lakuda bii. Ndinachotsa ndi mswachi wotha ntchito, ndinadonthezera mafuta a makina, ndinapalasa pa chigamba mpaka mafuta atasiya kudetsa. Tsopano ikuyenda myaa. Poyambira msoko nsalu yopyapyalayi imafuna kumira m'kabowo ka singano, ndiye ndikumagwira nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo ndi dzanja lamanzere mpaka mapontho atatu adutse.

Usiku wonse wathera pa makina, diresi silinalumikizidwe ngakhale phewa limodzi.

Loweruka, 18 Okutobala

Makinawa amasoka mzere wowongoka basi, alibe zigizagi. Nsaluyi ikuyoyoka m'mphepete ukangoiyang'ana. Kupita nayo kumsika ku ovaloko, makina otseka mphepete kuti zisayoyoke, ndi ndalama, komanso ulusi wake wambiriwo umakanda pathupi kukatentha. Ndasankha msoko wobisa, umene osoka amati wa Chifalansa. Umayamba ngati walakwitsa: umalumikiza zidutswa mbali zokongola zili kunja, n'kusoka theka la sentimita kuchoka m'mphepete. Ukatero umadula zoyoyoka kuti patsale mamilimita atatu, umasita, umatembenuza kuti mbali zokongola ziyang'anane, n'kusokanso sentimita imodzi. Mphepete zonse zimatsekeredwa mkati. Msoko uliwonse umausoka kawiri ndipo umausita kawiri, ndiye ntchito ikuyenda ngati kamba, koma mkati mwa diresi mukuoneka mwaukhondo moti ukhoza kulivala chotembenuza.

Kusita ndiye kukundidyera nthawi. Magetsi kulibe, ndikugwiritsa simbi ya makala, ndipo nsalu yopyapyala chonchi kamoto kamodzi kokha kakhoza kundiboolera. Ndikumaika kansalu koyera pamwamba, ndipo phulusa ndikumakauzira panja, kutali.

Mapewa atha, m'mbali mwa chapamwamba mwatha, siketi yalumikizidwa payokha.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Bowo la chingwe. Diresi lokulunga mbali yakumanja imakhala pamwamba, yakumanzere mkati. Chingwe cha mbali yamkatiyo chimayenera kutulukira pa kabowo ka mu msoko wa m'mbali wakumanja, kuzungulira kumsana n'kukakumana ndi chinzake kumanzere. Zimenezi ndimazidziwa bwinobwino. Koma Loweruka, posangalala ndi msoko wanga wobisa uja, ndinautseka wonse kuchoka m'khwapa mpaka m'chiuno, kawiri konse.

Kumasula msoko wobisa pa nsalu yopyapyala ndi chilango. Ndinakhala pakhonde ndi lezala watsopano, kudula pontho limodzilimodzi masentimita anayi okha pamwamba pa chiuno. Popeza mphepete ndinali nditazidula kale, panalibe nsalu yokwanira kupinda. Ndinadula kachingwe kopyapyala kuchokera pa zotsala n'kukulunga m'mphepete mwa bowolo ndi singano yapamanja, ndipo pamwamba ndi pansi pake ndabwereza ulusi kasanu kuti pasang'ambike pokoka. Ukayang'anitsitsa pakuoneka kuti panachitika nkhondo. Chingwe chiziphimbapo.

Zingwezo chakumanzere ndi masentimita 125 chifukwa chimazungulira msana, chakumanja 80. Ndazisoka ngati payipi n'kuzitembenuza ndi pinifolo. Chachitalicho pinifolo inatsegukira mkati, pakati penipeni pomwe pali mlumikizo, ndipo inandibaya chala ndisanaitulutse.

Lachinayi, 23 Okutobala

Lero ndi khosi, ndipo ndachita mwapang'onopang'ono chifukwa diresi lonse lagona pamenepa. Ndisanayambe ndinayerekeza nsalu ndi pepala la patani. Ngakhale ndinayendetsa ulusi uja, mbali yakumanja yakula ndi pafupifupi sentimita imodzi, mwina chifukwa choigwiragwira poyesa. Bambo a pakhonde aja anandipatsa nzeru ina: mphepete mwa nsalu mwenimweni, muja mochokera kufakitale, simutambasuka. Ndinadulako kalamba kopyapyala, ndinakayeza kuti kafanane ndi mzere wa papepala, osati wa pansalu, kenako ndinakamata ndi mapini kuseri kwa khosi, ndikugawa kutakasuka kwa nsaluyo pang'onopang'ono pakati pa mapini. Mapini 22 mbali imodzi. Ndinayamba ndadutsa ndi singano yapamanja, mapontho akuluakulu, ndisanapite pa makina.

Pamwamba pake ndaphimba ndi kansalu kodula chopingasa, kopindira mkati. Nditasita ndi kansalu konyowa, timakwinya tonse tinalowa. Ndinavala, ndinawerama, ndinanyamula mwana, ndinatola supuni pansi. Khosi lagona pathupi ngati lamatidwa. Ndinaitana bambo kuti aone, iwo anati, "Eya, koma ndiye mwakhalitsa pa khosi lokhalo." Sadziwa.

Ndaikabe kabatani kodina kamodzi pomwe mbali ziwiri zimadutsana. Pachinkhoswe pamakhala kuvina kwa perekaniperekani, sindikufuna kuvina dzanja lili pachifuwa.

Loweruka, 25 Okutobala

Manja alowa, chapamwamba ndi siketi zalumikizana. Dzanja lamanzere ndinabwereza kawiri chifukwa linapanga kamkwinya pamwamba pa phewa. Kulumikiza m'chiuno sikunavute.

Ndinavala n'kuima pakhomo masana dzuwa lili kumbuyo, ndipo mwana wa aneba amene ndinamutuma kuti ayang'ane anangoseka n'kuthawa. Kutsogolo kuli bwino poti nsalu ili pawiri, koma kumbuyo miyendo ikuoneka mthunzi wake wonse. Layiningi sindiika, ndiyo ndikuithawa. Ndivala hafu ya thonje mkati. Ndili nayo yakuda, koma ikuonekera pa timasamba toyera, ndiye ndifunefune ya bulauni pa kaunjika.

Diresi ndalipachika pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Bambo a telala anati ndisapinde kumunsi lisanagone chopachika masiku awiri, chifukwa mbali zodulidwa chopingasa zimatsika zokha.

Madzulo kunagwa kamvula ka chizimalupsa, kongonunkhiritsa fumbi. Kutentha kwabwerera pomwepo.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Ananena zoona. M'mbali mwatsika ndi masentimita awiri kuposa pakati. Amayi anabwera kudzandithandiza kulinganiza. Ndinaima pa tebulo nditavala nsapato zomwe ndidzavale tsikulo, iwo atakhala pa kampando ndi ndodo yomwe tinaidula chizindikiro pa masentimita 38 kuchoka pansi, akulemba ndi sopo uku ine ndikuzungulira pang'onopang'ono. "Ima bwino iwe, usayang'ane pansi, ukupendeketsa." Mawu omwewo ankandiuza ndili sitandade 3. Atamaliza anatembenuza diresi kuona mkati, anayendetsa chala pa msoko wa m'mbali mpaka anafika pa bowo lija. Anaima pamenepo, anandiyang'ana, sananene kanthu, anapitiriza.

Mpendero ndapinda kawiri, theka la sentimita ulendo uliwonse. Kuzungulira siketi yonse pamodzi ndi mphepete ziwiri zakutsogolo ndi mtunda wautali, msana unachita kuwawa. Pa ngodya ya chidutswa chapamwamba, kumunsi, ndasokereramo kakobidi kakale kokulunga m'kansalu kuti mphepo isamachinyamule. Imeneyi ndi nzeru ya amayi. Akuti ankatero ndi makatani.

Ulusi woyamba watha, wachiwiri ndangouyamba. Nsalu yotsala singakwane ngakhale duku, mwina kachipewa ka mwana.

Lamulungu, 2 Novembala

Tabwerako usiku. Diresi lagwira ntchito. Tinanyamuka m'mamawa, tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu dzuwa litayamba kale kuluma, ndipo pofika pa Nchalo anzanga a masuti a layiningi anali akudzipepesa ndi mapepala. Ine thukuta linatuluka ndithu, koma limauma. Mwana ndinamuyamwitsa m'minibasi ndi pansi pa mtengo wa mango popanda kuvutika, kungomasula kabatani.

Pa kabaza ndinakhala chammbali, msewu wa fumbi pakati pa minda, ndipo siketi sinatseguke. Ndinamangabe chitenje pamwamba pofika pamudzi, poti tinayamba talonjera akuluakulu. Kamvuluvulu anadutsa pabwalo nthawi ya nkhomaliro, ananyamula mapepala ndi mbale zapulasitiki, kakobidi kaja kanangondimenya pa msongolo.

Zofunika kukonza zilipo ziwiri. Chingwe chachitali chimatsetsereka kumsana ndikavina, moti ndimangochikweza. Ndisokera kakoloweko kakang'ono pakati pa msana ndi kena pa msoko wakumanzere. Chinanso, m'khwapa mukundigwira pang'ono ndikakweza manja, ndipo buluu wasiya chizindikiro pa hafu ya bulauni ija, ndiye kuti utoto sunatheretu. Ndalichapa lokha ndi madzi ozizira, lili pachingwe kuseri.

Azakhali a mkwati anandikokera pambali kufunsa telala wanga. Nditawauza anagwira mpendero, anautembenuza, kenako anati awo akufuna la manja ofika pachigongono, la Khirisimasi. Sindinavomere, ndangoti ndiona. Papepala la patani ndalembapo kale ndi bolopeni yofiira, zilembo zikuluzikulu mbali zonse: TEMBENUZA.